Mwana wawo anandibera makina, lero mayi ake adwala: kodi Yesu akufuna nditani?

Funso: Abusa, ndine telala, kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo kuno ku Joni ndakhalako zaka 14. Pa zipolowe za mu Sepitembala 2019 gulu la anthu linathyola shopu yanga ku Malvern n'kutenga makina atatu, ovaloko ndi nsalu za makasitomala. M'gululo ndinamuona ndi maso angawa mnyamata wa nyumba yoyandikana ndi yathu, yemwe ndinkamusokera yunifomu ali ku pulayimale. Mpaka lero sanapepese, tikakumana amangoyang'ana kumbali. Tsopano mayi ake adwala sitiroko, ndipo mayi akunyumba akufuna aziwapitira ndi chakudya ndi kukawasambitsa. Ine ndawaletsa. Lamulungu lapitali kutchalitchi anawerenga Mateyu 5, zoti tikonde adani athu, ndipo usiku wake sindinaone tulo. Kodi Mulungu akufunadi kuti ndikonde anthu otitcha makwerekwere, dzina lonyozera alendo? Si kupusa kumeneku? Nanga Mgonero ndingadye ndili ndi mtima woterewu?

Yankho: Bambo, pepani kwambiri ndi zimene zinakuonekerani. Ndiyambira pa makinawo, chifukwa ife alaliki timakonda kuwadumpha n'kuthamangira ku vesi. Makina ndiwo munda wa telala. Wokuberani makina wakulandani munda, khasu ndi mbewu tsiku limodzi, ndipo ndikukhulupirira kuti nsalu za eni ake zija munazibweza ndinu, pang'onopang'ono, kwa makasitomala amene ena mwa iwo sanafune n'kumva komwe kuti mwaberedwa. Chinachitikacho ndi umbava, ndipo palibe vesi lokupemphani kuti muchipatse dzina lina. Masiku amenewo, zipolowe zitabuka ku Jeppestown n'kufalikira ku Malvern, Turffontein, Germiston mpaka ku Tembisa, anthu 12 anafa. Inu munapulumuka ndi moyo, tithokoze Mulungu, koma wina asagwiritse ntchito kupulumukako pokuuzani kuti zanu zinali zazing'ono.

Tsono taganizirani anthu amene anali oyamba kumva mawu a pa Mateyu 5:43-48. Dziko lawo linali m'manja mwa Aroma. Herode Wamkulu atamwalira, Yesu ali khanda, anthu anaukira, ndipo kazembe wachiroma dzina lake Varus anabwera ndi asilikali. Mzinda wa Sepphoris, womwe unali pa mtunda wa makilomita 6 okha kuchokera ku Nazarete, anautentha, anthu ake n'kuwagulitsa ukapolo. Wolemba mbiri wachiyuda, Josephus, akunena kuti Varus anapachika pamtanda anthu pafupifupi 2,000. Yesu anakulira pakati pa anthu amene ankazikumbukira zimenezi monga mmene inu mukukumbukirira 2019. Ponena kuti wina akakukakamiza kumunyamulira katundu mtunda umodzi upite naye iwiri, ankakamba za chinthu chimene omverawo ankachidziwa, chifukwa msilikali wachiroma ankatha kuimitsa munthu pamsewu n'kumusenzetsa katundu, monga anachitira ndi Simoni wa ku Kurene. M'khamulo munali anthu amene anamenyedwapo mbama, analandidwapo malaya, anaikapo abale awo m'manda. Choncho musadzione ngati ndinu woyamba kumva lamuloli n'kusowa tulo.

Yesu akuyamba ndi mawu amene anthu anazolowera: uzikonda mnzako, uzidana ndi mdani wako. Mukafufuza m'Malamulo a Mose, theka loyambalo mulipeza pa Levitiko 19:18, koma theka lachiwirilo simulipeza monga lamulo. Anthu anangolilumikizapo, chifukwa mtima wa munthu ukamva kuti konda wako, umamalizitsa wokha kuti ndiye kuti winayo udane naye. M'mipukutu imene inayamba kupezeka ku Qumran, pafupi ndi Nyanja Yakufa, mu 1947, muli malamulo a gulu lina la Ayuda opembedza kwambiri, olamula kukonda ana a kuunika ndi kudana ndi ana a mdima. Anali anthu osala kudya, osunga Sabata, owerenga Malemba usiku ndi usana. Ndikunena izi kuti muone kuti chidani chimatha kukhala bwinobwino m'nyumba ya munthu wopemphera. Ndipo m'mutu womwewo wa Levitiko 19, pa vesi 33 ndi 34, Mulungu akulamula kuti mlendo wokhala pakati panu mumukonde monga mudzikondera nokha, popeza inunso munali alendo ku Igupto. Vesi limenelo ndi limene ife alendo timafuna kuti eni dziko lino alimve. Tsoka lake n'lakuti amene analankhula limenelo ndi yemweyo analankhulanso ili lakusowetsani tuloli, ndipo sitingatenge limodzi n'kusiya linzake.

Vuto lina lili pa mawu akuti kukonda. Pa Chichewa timati ndimakonda nsima ya mgaiwa, ndimakonda mkazi wanga, ndimakonda Mulungu, mawu amodzi omwewo. Ndiye munthu akamva kuti konda mdani wako, amaganiza kuti akulamulidwa kuti mtima wake uzisangalala akamuona mnyamata uja. Zimenezo sizilamulika, ndipo Yesu sanazilamule. Luka 6:27-28 akuchimasulira chikondichi ndi ntchito zooneka: achitireni zabwino odana nanu, adalitseni okutembererani, apempherereni okuzunzani. Zonsezi ndi za manja, pakamwa ndi mawondo. Vesi limene ine ndimalikonda pa nkhaniyi lili pa Eksodo 23:4-5. Likuti ukapeza ng'ombe kapena bulu wa mdani wako atasokera, umubwezere, ndipo ukaona bulu wa munthu wodana nawe atagwa ndi katundu, usamusiye, umuthandize kumudzutsa. Lamuloli silikunena kuti munthuyo wasiya kukhala mdani. Silikufunsa n'komwe zimene zili mumtima mwako. Likungoti bulu wagwa, gwira uku, iye agwire uko. Mungathe kudzutsa buluyo mano ali gwa, mtima ukuwawa, koma mwamvera. Ndaona kawirikawiri kuti mtima umatsatira pambuyo pa manja, nthawi zina patapita zaka, ndipo ena amafika kumanda chilonda chikadalipo. Amenewonso ndi omvera.

Chifukwa chimene Yesu akupereka n'chimodzi: kuti mukhale ana a Atate wanu wa kumwamba, amene amawalitsa dzuwa lake pa oipa ndi abwino, n'kugwetsa mvula pa olungama ndi osalungama. Sakulonjeza kuti mdaniyo asintha. Inu ndinu mwana wa mlimi, mukudziwa kuti mvula ya Disembala ikamagwa ku Ntcheu sidumpha munda wa wakuba mbuzi. Mulungu sakusangalala ndi kuba kwake, komabe chimanga chake chimamera. Khalidwe limenelo ndi limene akuti ana ake alitengere, monga mwana atengera mayendedwe a bambo ake.

Tsopano ndikupempheni, Bambo, muwerengenso kalata yanu. Mwayamba ndi mnyamata mmodzi, amene mukumudziwa dzina ndiponso muyeso wa m'chiuno mwake. Pofika kumapeto mwafunsa za "anthu otitcha makwerekwere". Pakati pa ziwirizi pali mayi wogona pa bedi, amene simunanene kuti anali m'gulu lija, kapena kuti anakutukwananipo. Apa ndi pamene pagona nkhani yanu yonse. Wokulakwirani ndi mmodzi pamodzi ndi anzake a tsiku lija, koma chilango chagwera mayi ake, ndipo kuseri kwa mayiwo chagwera dziko lonse.

Akuluakulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Ankafotokoza mmene zinthu zimachitikira m'mudzi, ndipo zimachitikadi. Aisraeli nawo anali ndi mwambi wofanana, woti makolo adya mphesa zosapsa, mano a ana n'kuyayamira. Pa Ezekieli 18 Mulungu akuwaletsa kuunenanso mwambiwo, ndipo pa vesi 20 akuti mwana sadzasenza mphulupulu ya atate wake, atate sadzasenza mphulupulu ya mwana wake. Mayi aja mwina analephera kulera, mwina anaona makina akudutsa n'kukhala chete, mwina sanadziwe kanthu, mwinanso analira usiku wonse ndi manyazi. Inu ndi ine sitikudziwa. Koma kuwamana phala chifukwa cha mwana wawo ndiko kuwadyetsa nkhuyu zimene sanathyole.

Palinso mwambi wina umene ndikufuna muusamale nawo kwambiri kuno, woti nsomba ikaola imodzi zaola zonse. Pa nsomba za m'dengu ndi zoona. Pa anthu, mwambi umenewu ndi umene unathyola shopu yanu. Mlendo mmodzi akagwidwa akugulitsa mankhwala ozunguza bongo ku Hillbrow, gulu limati onse ndi omwewo, n'kupita kukaotcha shopu ya telala wa ku Ntcheu amene moyo wake wonse wagwira singano ndi sizasi. Ife tikayamba kunena kuti "anthu a kuno ndi zilombo", ndiye kuti taphunzira masamu awo omwewo. Ndipo masamuwo ndi abodza. Mu Meyi 2008, zipolowe zitayambira ku Alexandra, anthu 62 anaphedwa, ndipo 21 mwa iwo anali nzika za dziko lino. Mwa anthu 12 aja a mu 2019, ambiri anali eni dziko. Cha m'ma 2008 momwemo tchalitchi cha Central Methodist, pa Pritchard Street, motsogozedwa ndi Bishopu Paul Verryn, chinasunga alendo zikwizikwi, ambiri a ku Zimbabwe, ogona m'masitepe ndi pakati pa mabenchi. Ine ndemwe mu 2008 ndinasungitsa mabuku anga ndi zikalata za ana kwa gogo wina wolankhula Chisutu, amene anaima pageti pake n'kuuza anyamata kuti m'nyumbamo mulibe katundu wa mlendo aliyense. Anaika nyumba yake pachiswe chifukwa cha ine. Ndikanena kuti onse ndi amodzi, ndiye kuti gogo ameneyo ndamulavulira.

Dziko lino lomweli linapulumukapo chifukwa chokana masamu amenewa. Pa 10 Epulo 1993, Chris Hani, mmodzi wa atsogoleri a omenyera ufulu, anaphedwa pakhomo pake ku Dawn Park, ku Boksburg, ndi Janusz Waluś, mzungu wochokera ku Poland. Dziko linatsala pang'ono kuyaka. Nelson Mandela polankhula pa wailesi yakanema anakumbutsa anthu kuti amene anaona nambala ya galimoto n'kuuza apolisi, mpaka wakuphayo kugwidwa tsiku lomwelo, anali mayi wachizungu, Mwafirikana, woyandikana ndi Hani. Anaika nkhope ziwiri za azungu pamaso pa anthu okwiya kuti asathe kunena kuti onse ndi amodzi.

Ndinenenso china chimene Amalawife sitikonda kuchimva. Agogo athu anakumba golide wa mzinda uno kudzera ku Wenela ndi Theba, ndipo tili ndi chifukwa chonenera kuti thukuta lathu lili m'nthaka ino. Koma pamene Zambia ndi Tanzania ankasunga omenyera ufulu a ANC, boma lathu linatsegula ubale ndi boma la tsankho mu 1967, Kamuzu Banda anabwera kuno pa ulendo wa boma mu 1971, ndipo ngongole ya boma lomwelo inathandiza kumanga likulu ku Lilongwe. Munthu wa ku Soweto atafuna kutiwerengera mlandu wa fuko, ali nako poyambira. Komanso dziko lathu, lomwe linalandira othawa nkhondo a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni, ndi lomwelo mu Meyi 2023 linatuma apolisi ndi asilikali kukatseka mashopu a othawa kwawo ku Lilongwe, ambiri a ku Burundi, Rwanda ndi Congo, kuwasunga ku ndende ya Maula n'kuwabwezera ku Dzaleka. Ambiri kumudzi anaombera m'manja, akuti Maburundi atilanda mabizinesi. Mawu ake ndi omwe timamva kuno m'Chizulu. Sindikunena izi pochepetsa mlandu wa mnyamata uja. Ndikufuna muone kuti matendawa alibe pasipoti. Kuno, kumene mwa anthu 10 ofuna ntchito atatu kapena kuposerapo saipeza, n'kosavuta kuti wina aloze mlendo n'kuuza wanjala kuti mdani wako ndi uyo. Njala sichotsa mlandu wa kuba, koma imatithandiza kumvetsa chifukwa chake mwana amene munkamuyesa thalauza anathamangira gulu.

Mwafunsa ngati kukonda mdani si kupusa. Kukanakhala kupusa kukanakhala kuti kumatanthauza kutseka pakamwa ndi kutsegula chitseko. Yesu yemwe ananena zoti wokumenya tsaya lina umupatsenso linalo, atamenyedwa mbama pamaso pa mkulu wa ansembe, anafunsa kuti ngati walankhula choipa achitire umboni, koma ngati walankhula bwino akumumenyeranji (Yohane 18:22-23). Sanabwezere, komanso sanangokhala chete. Paulo atakwapulidwa ku Filipi popanda mlandu anakana kutuluka m'ndende mwakachetechete, anati akuluakulu a mzindawo abwere okha adzamutulutse, chifukwa anali nzika ya Roma (Machitidwe 16:37). Patapita zaka, pa mlandu wina, anapempha kuti ukamvedwe kwa Kaisara. Yosefe anawakhululukira abale ake, koma anayamba wawayesa kuti aone ngati angamugulitsenso Benjamini. Davide anamuleka Sauli wamoyo kawiri konse, koma sanabwerere kukagona m'nyumba mwake. Muzisiyanitsa zinthu zitatu izi, Bambo, chifukwa anthu amaziphatikiza n'kulemetsa nazo ovulala. Kusabwezera choipa ndi kuchita chabwino n'kwa inu nokha, sikudikira kuti winayo apepese. Kuyanjana kumafuna anthu awiri, ndipo pa Luka 17:3 Yesu akuti m'bale wako akachimwa umudzudzule, akalapa umukhululukire. Kukhulupirirana ndiye kumamangidwa ndi nthawi, ndipo palibe vesi lokulamulani kupatsa mnyamata uja kiyi wa shopu.

Akhristu a dziko lino anailimbana nayo nkhaniyi pa nthawi yovuta. Mu 1985 gulu la abusa ndi aphunzitsi a zaumulungu, ambiri ochokera ku Soweto, linatulutsa chikalata chotchedwa Kairos, chodzudzula mipingo imene inkalalikira chiyanjano popanda chilungamo, ngati kuti womenya ndi womenyedwa alakwa mofanana. Ndipo bungwe lofufuza zoona ndi kuyanjanitsa anthu, limene Desmond Tutu analitsogolera kuyambira 1996, silinkapereka chikhululukiro cha boma kwa munthu amene sanaulule zonse zimene anachita. Choonadi chinkayamba. Tutu yemweyo, mu Julaye 1985, ali bishopu wa Anglican wa Johannesburg, pa maliro ena ku Duduza analowa pakati pa gulu lokwiya pamodzi ndi Bishopu Simeon Nkoane, n'kulanditsa munthu amene ankamuganizira kuti ndi kazitape wa apolisi, gululo litatsala pang'ono kumuotcha. Munthu amene ankadzudzula boma la tsankho mosaopa ndi yemweyo anaika thupi lake pakati pa anthu ake ndi amene ankamuyesa mdani wawo. Amene anaona zimenezo sangatche chikondi chotere kupusa kapena mantha.

Ndiye za mlandu wanu. Mlandu suola, ndipo malamulo a dziko lino amalola kuti milandu yambiri izengedwe mpaka patatha zaka 20. Kukadandaula kupolisi si tchimo, Aroma 13 akuti boma lilipo kuti lilange ochita zoipa. Ngati nkhani ya mapepala ikukuchititsani mantha, yambani mwafunsa uphungu kwa maloya a bungwe la Lawyers for Human Rights, amene amathandiza alendo kuno ku Johannesburg. Koma maganizo anga ndi akuti patapita zaka zonsezi makinawo sangapezeke, ndipo chimene chikukudyani si makina okha. Chikukudyani ndi kuyang'ana kumbali kuja. Mwanayo sananenepo kuti ndinalakwa, inunso simunamuuzepo kuti ndinakuona. Mwakhala zaka zonsezi mukuzenga mlandu mumtima, woimbidwa mlandu palibe. Levitiko 19:17, vesi loyandikana ndi lija la kukonda mnzako, likuti usamude m'bale wako mumtima mwako, umudzudzule ndithu. Baibulo likuona kuti chidani chimakula pamene mawu oyenera kunenedwa amezedwa. Kwathu mlandu woterewu ukanapita kwa ankhoswe kapena pabwalo la mfumu, wolakwa n'kupereka chipepeso, anthu n'kudyera limodzi. Kuno mfumu kulibe, koma mkulu wa mpingo alipo, ndipo kubanja kwa mnyamatayo sikungasowe malume kapena m'busa wawo. Mukadzaona kuti nthawi yakwana ndipo palibe choopsa, mudzapite ndi mboni, masana, mudzamuuze kuti: ndinakuona tsiku lija, unandipweteka, ndipo ngati uli ndi mtima wobweza, ngakhale pang'onopang'ono, ndilandira. Zakeyu atalapa anabweza, ndipo kumupatsa mwayi wobweza ndiko kumulemekeza ngati munthu. Akhoza kukana, akhozanso kutukwana. Aroma 12:18 akuti ngati n'kotheka, monga momwe mungathere, khalani mwamtendere ndi anthu onse. Paulo ankadziwa kuti nthawi zina sizitheka.

Mkwiyo wanu musaubise kwa Mulungu. M'Masalimo muli mapemphero oopsa, monga Salimo 109 ndi mathero a Salimo 137, a anthu opempha kuti adani awo aone zakuda. Sanawachotse m'Baibulo. Olembawo anatenga mkwiyo wawo wonse n'kuutula pamaso pa Mulungu m'malo mokautula pa khosi la munthu. Inunso muuzeni Mulungu mtengo wa ovaloko ija, muuzeni za miyezi imene lendi inavuta, za ndalama zimene simunatumize kumudzi. Mukatha, mutchule dzina la mnyamatayo. Poyamba mwina pemphero lake lidzakhala lalifupi, longoti Ambuye, mumudziwa ndinu. Ndi pemphero ndithu. Munthu amene ukumutchula dzina pamaso pa Mulungu m'mawa uliwonse amavuta kumusandutsa "iwowa".

Chenjezo limodzi pa Aroma 12:20, pamene Paulo, pobwereza Miyambo 25:21-22, akuti mdani wako akamva njala umudyetse, potero udzamuunjikira makala amoto pamutu. Ndamvapo Akhristu akulikonda vesili chifukwa cha makalawo, n'kumapereka chakudya kuti winayo apse ndi manyazi. Ambiri omasulira Baibulo amati makalawo ndi manyazi otsogolera munthu ku kulapa, ndipo zimenezo zikachitika ndi ntchito ya Mulungu. Koma mbale ya chakudya yoperekedwa ngati chikwapu, wodwala amaizindikira. Mayi aja apatsidwe phala chifukwa ali ndi njala.

Za Mgonero. Ku mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape, womwe amishonale ake anafika ku Mvera mu 1889 n'kuyambitsa ntchito imene lero ndi Sinodi ya Nkhoma, kunachitika chinthu mu 1857 chimene Mkhristu aliyense wokhala kuno ayenera kuchidziwa. Azungu ena ankakana kudya Mgonero pamodzi ndi Akhristu akuda, ndipo sinodi inavomereza kuti, chifukwa cha kufooka kwa ena, azisonkhana padera. Tsankho limene pambuyo pake linadzakhala lamulo la boma mu 1948 linali litayamba kale kuzolowereka pa gome la Ambuye. Gomelo ndi malo amene adani amayitanidwa, chifukwa Aroma 5:10 akuti tinayanjanitsidwa ndi Mulungu tili adani ake. Amene ndingamuuze kuti ayambe waima ndi munthu amene watsimikiza mtima kubwezera, amene akusunga chidani chake ngati chuma ndipo sakufuna kuti Mulungu achikhudze. Munthu wotero amagona tulo tabwino akamva Mateyu 5. Inu simunagone. Pitani mukadye, mukapite ndi chilondacho, mukanene kuti Ambuye, sindingathe, ndithandizeni.

Koma lisanafike tsiku la Mgonerolo, pali chinthu chimodzi chimene chili m'manja mwanu lero, ndicho chiletso mwaika pa mayi akunyumba. Makina aja atapita, iwonso anagona ndi njala yomweyo, anaona manyazi omwewo kwa eni nsalu. Ngati munthu amene anavulala nanu limodzi wafika poti akufuna kukasambitsa mayi wa wakubayo, ndiye kuti Mulungu wagwira ntchito mwa iwo imene mwa inu ikadali m'njira. Musaitsekereze. Sindikukuuzani kuti mupite nawo, kapena kuti mukamwetulire aliyense. Auzeni chabe kuti mwachotsa mawu anu, ndipo auzeni zoona, kuti mtima ukadawawa.

Apite mwanzeru. Ayambe afunsa kwa abale a wodwalayo ngati thandizolo likulandiridwa, chifukwa kusambitsa munthu wamkulu si chinthu chongofikira. Apite masana, ndi mayi mnzawo wa kumpingo, makamaka wodziwa Chizulu kapena chilankhulo cha banjalo. Odwala sitiroko ambiri amavutika kumeza ndipo amatsamwa msanga, choncho afunse zimene achipatala analangiza, chakudya chikhale chofewa, wodwalayo adye atakhala tsonga, pang'onopang'ono. Wogona nthawi yaitali amafunika kumutembenuza pafupipafupi kuti asatuluke zilonda. Ndalama asabwereketse, za shopu asakambe, ndipo akaona kuti mnyamatayo waledzera kapena akuopseza, abwerere, akayesenso tsiku lina iye kulibe. Akatsegula chitseko ndi iyeyo, amupatse moni pomutchula dzina, monga ankachitira akubwera kudzayesa yunifomu, anene kuti abwera kudzaona mayi.